Womasulira wa Telala

Basi inamutsitsa mdima utagwa kale. Mzinda wachilendo, mvula yowaza, misewu yofanana yonse. Anesi anayenda chikwama chili paphewa, akuwerenga manambala a nyumba ndi tochi ya foni. Sanali nesi ayi. Ankasambitsa okalamba kumzinda wina wakutali, koma anthu akwawo anamupatsa dzinalo, ndipo linamukanirira.

Nyumbayo anaipeza kuseli kwa shopu ya matayala. Anakwera masitepe. Anagogoda katatu.

Telala, mlongo wake wamng'ono, anatsegula pang'ono pokha. Ndevu zosameta, maso olowa.

"Achemwali. Mwanenepatu."

"Iwe watha. Tsegula, ndazizidwa."

Chipinda chimodzi. Bedi, ketulo, makina osokera ofunditsidwa thaulo. Pakhoma panali misomali yokolekapo zovala za makasitomala. Yonse mbee.

"Ntchito ili kuti?"

"Eni ake anadzatenga. Wina ananyamula diresi la mkono umodzi. Akuti akamalizitsa kwina."

Anthu akwawo m'dziko la eni ili anali ochepa, ndipo mumzindawu sankakwana mazana awiri. Ankapemphera mu holo imodzi, kugula mu shopu imodzi, kusoketsa kwa telala mmodzi. Miyezi inayi yapitayo Telala anagonekedwa masabata awiri kuchipatala cha matenda a maganizo. Anatuluka Lachisanu. Pofika Lamlungu aliyense anali atamva kuti mutu wake wazungulira. Ana analetsedwa kukwera masitepe aja. Munthu wotero, ati, ngwoopsa sizasi ili m'manja.

Patebulo panali kalata. Ndiyo inamuyendetsa Anesi ulendo wonsewu: Telala anaijambula n'kumutumizira pafoni, osalembapo liwu. Wajomba kwa dokotala katatu. Mawa eyiti koloko akapanda kufika, dzina lake lichotsedwa pamndandanda, ndipo mankhwala atha Loweruka.

"Bwanji sukupita?"

"Ndikapita ndimakapeza Mayi Tcheya."

Anesi anakhala pabedi. Zinamveka. Chilankhulo cha eni dziko Telala ankachidziwa cha pamakina basi: chiuno, utali, mubwere mawa. Choncho chipatala chinkaitana womasulira. Ndipo womasulira wa chilankhulo chawo mumzinda wonse anali mmodzi, mkazi wa tcheyamani wa bungwe la anthu akwawo.

"Iwo apa, adokotala apo," anatero Telala. "Adokotala akafunsa kuti mukumva bwanji, ine maso ali pa mayi aja. Ndinawasokera chovala cha paukwati wa mwana wawo. Ndimangoti mutu. Ulendo wina, mutu. Adokotala mpaka anandipima maso."

"Ndiwo anafalitsa?"

"Kaya. Amati analumbira kusunga chinsinsi. Mwina n'zoona. Koma moni wawo masiku ano ndi wa pamaliro."

"Mawa sabwera. Ndinaimba kuchipatala ndili m'basi. Avomera kuti ndimasulire ine, ulendo uno wokha."

Telala sanasangalale. Anamuyang'ana monga ayang'anira nsalu yomwe akuikayikira. Kenako ananyamula ketulo n'kuiika pampando.

"Adokotala ndi awa. Tiyese."

"Usiku uno? Ndatopa, iwe."

"Tiyese, achemwali. Auzeni kuti sindigona."

Anesi anaiuza ketulo m'chilankhulo cha eni dziko kuti mlongo wake sagona.

"Chakudya sichilowa."

Anamasulira.

"Masiku ena ndimalakalaka nditagona osadzukanso."

Panja galimoto inadutsa, ikumwaza madzi. Anesi anayang'ana chivindikiro cha ketulo. Ananena mawu atatu, mofulumira.

Telala anaseka, kuseka kopanda mawu.

"Liwu limenelo ndimalidziwa. Kutopa. Mwawauza kuti ndatopa kwambiri."

"N'chimodzimodzi."

"Si chimodzimodzi. Amayi munawauza kuti ndikudwala chiyani?"

Anesi anakumbukira zomwe anawauza anthu. Amayi awo anawauza kuti ndi kuthamanga kwa magazi. Mwamuna wake anamuuza kuti ndi zilonda za m'mimba. Kuntchito anapempha masiku awiri ponena kuti akupita kuukwati. Mabodza atatu, ndipo onse anatuluka osavuta.

"Mwaona," anatero Telala. "Mayi Tcheya ndimaopa kuti anena zambiri. Inu munena zochepa. Nanga ndidzukirenji m'mamawa?"

Anachotsa ketulo pampando. Anesi anaigwira.

"Isiye pomwepo."

Anesi anavula nsapato. Mapazi anali atatupa. Kuntchito mawu ngati amenewa ankawanena kawirikawiri popereka lipoti: agogo a m'chipinda chakuti akukana kudya, akuti bola kufa. Ankanena osanjenjemera, n'kupita kukamwa tiyi. Koma amenewo anali makolo a eni. Uyu anamubereka kumbuyo. Anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato.

"Bwereza."

Telala anabwereza, maso ali pansi.

Anesi anaiuza ketulo liwu ndi liwu. Pakati mawu anamuthera. Anapitiriza n'kumaliza.

"Zatalikirapo kusiyana ndi poyamba," anatero Telala. "Ndiye kuti ndi zomwezo."

"Ndi zomwezo. Lero ukumva choncho?"

"Lero ayi. Lachiwiri."

"Mawa unene za Lachiwirizo. Zonse. Ukati mutu, ndikutsina pamaso pa adokotala."

"Mukadali ankhanza, eti?"

"Ndipatse bulangeti."

Anayala pansi, pafupi ndi chitseko. Sanagone kwenikweni. Ankamvetsera kupuma kwa mlongo wake, n'kumabwereza chiganizo chija chamumtima kuti mawa chisakamukanike.

M'mawa kunacha kotuwa. Telala anameta ndevu, n'kudzicheka pachibwano. Anavala jekete lomwe anadzisokera yekha nthawi ya mtendere. Linali litamukulira. Kalata anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la mkati.

Pamalo okwerera basi anapeza bambo wina wakwawo, mlonda, akuchokera kuntchito ya usiku. Bamboyo anapatsa moni Anesi ndi manja awiri. Telala anangomugwedezera mutu chapatali.

"Alendo athu! Ulendo wa kuti m'mamawa muno?"

"Kutauni, bambo," anatero Anesi. "Tikaone nsalu."

Mlonda uja anapitirira, akucheuka. Telala anayang'ana mlongo wake.

"Nsalu?"

"Amenewa si adokotala."

"Ndimayesa mwayambiranso."

"Iwe, ndili ndi mphamvu zonena zoona kamodzi lero. Usandiwonongetse pamsewu."

Basi inafika, magetsi akadali oyaka. Telala anaima kaye pakhomo pake, phazi limodzi m'mwamba. Dalaivala anawayang'ana. Anesi anamukankha pang'ono kumsana ndi chikwama, ndipo anakwera.