Akatswiri a pa Benchi Yanga

Ntchito yanga ndi yokonza ma TV ndi mawailesi. Kashopu kanga ndi kakang'ono: tebulo lodzaza mawaya, shelefu ya ma TV akufa amene eni ake anawaiwala, ndi benchi imodzi imene ndinagulira makasitomala. Koma amene anailanda benchiyo ndi amalume anga ndi mnzawo wina wopuma pa ntchito yoyendetsa basi, amene aliyense amangowatchula kuti a Giyala.

Zinayamba nditakonza TV yaikulu ya mayi wina, namwino. Nditaiyatsa kuti ndiiyese, inagwira siteshoni ija imaonetsa zakale masana. Ankaonetsa sewero lazigawo, lachikalekale lopanda mitundu, la mayi wamasiye mwini hotela amene akufunsiridwa ndi amuna awiri, msilikali ndi woimba piyano. Amalume anali atangobwera kudzasiya wailesi yawo. Anayang'ana kamodzi kokha, basi n'kukhala pansi.

"Ili ndinaonera ndisanakwatire," anatero. "Mphwanga, usazimitse."

Mawa lake anabwera ndi a Giyala.

Akanamangoonera mwakachetechete sindikanadandaula. Koma a Giyala nkhani analibe nayo ntchito, maso awo anali pa magalimoto basi.

"Taonani! Chiwongolero akupinda uku ndi uku, msewu kumbuyoko uli chiwongokere. Komanso maso ali pa mkazi. Ameneyu ndikanamulanda makiyi tsiku lomwelo!"

"Inu filimu simuidziwa," ankayankha amalume. "Kale ankapanga zaulemu. Taonani mwamuna wavula chipewa polowa m'nyumba. Zalerozi, filimu isanafike n'komwe pakati anthu avula kale malaya."

Amalume khutu lina linagontha, ndipo chinenero cha m'seweromo amachimva mwa apo ndi apo. Koma womasulira anali iwowo.

"Akuti ukandikana ndidzipha," anauza a Giyala tsiku lina.

"Ayi amalume," ndinatero, "akufunsa ngati chikwama chake chafika."

"Iwe tagwira ntchito yako."

Ntchito yake ndigwire bwanji? Tsiku lina ndikulumikiza kawaya kochepetsetsa, a Giyala anakuwa kuti "Buleki!" Ndinadzidzimuka, chowotcherera n'kunditentha chala. Tsiku linanso bambo wina anabwera ndi wailesi yake, amalume n'kumuuza kuti abwerenso chigawo chikatha. Munthu uja sanabwerenso.

Mkazi wanga anandipatsa nzeru yoti ndinene kuti TV yawonongekanso. Ndinazula waya wa eriyo kumbuyo, chithunzi n'kusanduka mchenga wokhawokha. Amalume anandiyang'ana, kenako anayang'ana mtsikana amene anabwera kudzatenga rimoti yake.

"Mwana wa mlongo wanga ameneyu," anamuuza. "Akakonza lero, mawa zafa."

Waya uja ndinabwezera msangamsanga.

Ndinaimbira foni anamwino aja kuti TV yawo ndinamaliza kuikonza kalekale. Anati abwera tsiku lopuma. Atafika anali pa takisi, ndipo anaiuza kuti idikire panja. Mtima wanga unavina. Ndinazungulira tebulo kuti ndikazule pulagi, amalume ndi a Giyala akundiyang'ana ngati ndikukapha mbuzi yawo.

Nthawi imeneyo n'kuti msilikali uja atawomberedwa. Anali gone m'manja mwa mayi wa hotela, akulankhula mawu ataliatali.

"Tadikirani kaye," anatero anamwino. "Amuwombera pati?"

"Pachifuwa," anayankha a Giyala.

"Pachifuwa, ndiye akulakatula chonchi? Bodza limenelo. Nanga mayiyo bwanji akumugwedeza m'malo motseka bala? Amupha yekha ameneyu. Tasunthani pang'ono, bambo."

A Giyala anasuntha. Anamwino anakhala pansi, chikwama pamiyendo.

"Mayi," ndinatero, "takisi ikudikira."

"Kaiuzeni izipita."

Chigawo chisanathe anali atakangana kale ndi amalume. Amalume anali kumbali ya woimba piyano, ati ndi munthu wofatsa, wovala bwino. Anamwino anati mwamuna wongokhalira kusisita piyano dzuwa lonse sangasunge banja, bola msilikaliyo ngakhale wafa. A Giyala anati onse awiri ndi opusa chifukwa palibe amene anaganiza zoyang'ana matayala asanathawe.

Zitatha, anamwino anadzuka n'kukonza diresi lawo.

"Kunyumba ana sangandilole kuonera zimenezi, bambo awonso ndi ampira okhaokha. TV ikhale konkuno mpaka seweroli lithe."

"Litha liti?" ndinafunsa.

"Aa, likadalipo," anatero amalume mokondwa. "Hotela sinapse n'komwe."

"Musatiuziretu!" anakalipa anamwino.

Kuyambira pamenepo benchi inadzaza. Tsiku lililonse limene anamwino sali pa ntchito ankabwera, ndipo likakhala la ntchito ankandiimbira foni ine kuti ndiwafotokozere zimene zachitika. Msilikali uja sanafe. Anatulukira m'chigawo chotsatira atamanga nsalu pamkono, ndipo anamwino analankhula za nsaluyo mpaka chigawo chonse chinatha, ati bala lili pachifuwa, bandeji pamkono, dokotala wake anaphunzira kuti?

Ine sindinkaonera, nsana ndinali nditaulozetsa ku TV. Koma makutu alibe chitseko. Tsiku lina akulimbana za amene mayi wa hotela uja ayenera kukwatiwa naye, ndinangozindikira ndaika sikuludiraiva pansi.

"Koma nonsenu simukuona?" ndinatero. "Msilikaliyo ndi wankhanza, woimbayo akungofuna hotela. Mayiyu awakane onse awiri, apitirize bizinesi yake mwamtendere!"

Onse atatu anatembenuka.

"Mphwanga," anatero amalume, "ukusokosa."

"Ndiponso utsi wa chowotcherera chanucho si wabwino kwa anthu achikulire," anawonjezera anamwino. "Mulibe pena pogwirira?"

Ndinawayang'ana, ndinayang'ananso dzina langa lolembedwa pachitseko. Kenako ndinakoka tebulo mpaka pakhonde, n'kudutsitsa waya wamagetsi pawindo. A Giyala anandithandiza kunyamula mbali imodzi, maso ali ku TV, mpaka anandigunditsa chigongono pafelemu ya chitseko.

Ndili pakhondepo, dzuwa likundiwotcha m'khosi, mnyamata wa shopu yoyandikana nayo anasuzumira.

"Achimwene, shopu mwagulitsa?"

Ndisanayankhe, m'katimo anamwino anakuwa kuti hotela yayamba kupsa, ndipo a Giyala ankafunsa kuti galimoto yozimitsa moto yaima bwanji pakona.