Ulusi pa Chivundikiro

Makina ochapirawo ankathira madzi bwinobwino mpaka kudzaza, kenako n'kungokhala chete. Osatakasa zovala, osafinya. Mayi amene anandiitanayo anali atavala kale yunifolomu ya kuntchito, ndipo ankalankhula akuyang'ana wotchi.

"Amisiri, musandinyengerere. Ngati afa, nenani kuti afa."

"Ndiwaone kaye, mayi."

M'kachipinda kochapirako munali beseni lodzaza mashiti onyowa. Pakhomo panaima bambo ake, atatsamira ndodo, dzanja lamanja lili lende. Mayiyo anandiuza motsitsa mawu kuti bambowo anali telala, anadwala sitiroko chaka chatha, ndipo masiku ambiri zofunda zawo zimafunika kuchapa m'mawa. Pamanja sangakwanitse, ntchito imakhala ikumudikira. Mchimwene wake anali atanena kale kuti makinawo akapanda kutheka, abwera Loweruka kudzawatenga bambowo kuti azikakhala kwake.

"Kwa mpongozi wobisa shuga uja," anatero bambowo. "Makutu sanafe, mwanawe."

"Bambo, kakhaleni pansi."

Sanapite.

Ndinazula pulagi, ndinakhuthula madzi, n'kupendeketsa makinawo. Ndimayambira pa lamba, chifukwa ndi amene amakonda kuduka kapena kutamuka. Lamba anali bwinobwino. Mota ndinaizungulitsa ndi dzanja, inayenda mosavuta, ndipo sinkanunkha kupsa. M'pampu munalibe sokosi kapena batani lotsakamira.

Chinatsala ndi chivundikiro. Makina otere amakhala ndi kachala ka pulasitiki kunsi kwa chivundikiro. Mukatseka, kachalako kamakanikiza swichi, ndipo swichiyo ndi imene imalola kuti m'kati muzungulire. Kakathyoka, makina amayesa kuti akadali otsegula, ndiye amakana kuyenda kuopa kupotokola munthu mkono.

Kachalako kanali kothyoka. Koma wina anali atakamangirira ndi ulusi wakuda, wokulunga mwaluso mzere ndi mzere, mfundo yake yaing'ono ngati ya pa batani la jekete. Kumapeto kwake ulusiwo unali wodula ndi mano. Pamwamba pa chivundikiro panali timadontho tophwanyika, kukula kwake ngati nsonga ya ndodo.

Foni ya mayiyo inalira, ndipo atatuluka kukayankha, bambowo anasendera pafupi.

"Ulusiwo unagwira kawiri," anatero. "Kachitatu unaterereka."

"Mumatseka ndi ndodo, madala?"

"Dzanja ili lagwira ndodo, linalo linapuma ntchito. Nditseke ndi chiyani, mphuno?" Anaseka pang'ono, kenako anayang'ana beseni lija. "Akapita kuntchito ndimachapa ndekha zimene ndaononga masana. Mwana wamkazi sayenera kuona zonse za bambo ake. Mukamuuza kuti ndathyola ndine, ndiye kuti Loweruka ndapita."

Kunama sindimafuna, koma nkhaniyo sinali yanga yoti ndiulule. Ndinamasula kachalako, ndipo ndili nako m'manja mayiyo analowa.

"Ndiye afa?"

"Ayi. Kathyoka ndi aka basi. Kena ndili nako m'chikwamamu."

Anakatenga, n'kukatembenuza. Maso ake anaima pa mfundo ija nthawi yaitali.

"Mfundo iyi ndimaidziwa," anatero. "Mabatani anga onse a kusukulu ankathera chonchi."

Bambowo anayang'ana pansi.

"Ndiye n'chifukwa chake sopo amatha msanga. Ine ndimangoti makinawa ndi adyera." Mayiyo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Bambo, mukanagwa muno muli nokha?"

"Sindinagwe."

"Mukanagwa?"

"Ndikanachapa ndili chigonere."

Mayiyo anafuna kukalipa, koma kuseka kunamupitirira. Ine ndinamanga kachala katsopano, ndinalumikiza pulagi, n'kutseka. Swichi inalira kuti kha, madzi analowa, ndipo mashiti anayamba kutembenuka uku ndi uku. Tinadikira mpaka makina anafika pofinya, akunjenjemera monga mwa masiku onse.

"Amisiri," anatero mayiyo, "pali njira yoti azitseka osamenya?"

Ndinapempha mpando wautali wa kukhitchini n'kuuika pambali pa makina, kuti bambowo azikhala kaye n'kusiya ndodo. Kutsogolo kwa chivundikiro ndinamangako kachingwe kogwirira. Bambowo anayesa kawiri, chivundikiro chinatsika mwaulemu.

Mayiyo anatenga chikwama chake. Ali pakhomo anaimba foni.

"Achimwene, Loweruka musavutike. Makina atheka. Wochapa tili naye kale."

Pamene ndinkalongedza zida, bambowo anali akupenda kachingwe kanga, atakwinya nkhope.

"Makina mumawadziwa, amisiri," anatero. "Koma mfundo iyi ndi yomangira mbuzi. Tandipatsirani ulusi uli pawindopo."