Bawuti Limodzi pa Zana

Amuna anga anatha zaka makumi atatu ali pansi pa magalimoto a eni ake, ndipo chimene anatolako n'kusakhulupirira bawuti lomwe sanalimange okha. Ngakhale mwendo wa bedi amayamba augwedeza asanagone. Ndiye tsiku lomwe mlamu wanga, mng'ono wawo, anabwera ndi nkhani yogula masheya a fakitale ina, ine ndinangoseka ndili kukhitchini. Koma atatchula kuti fakitaleyo imapanga mabawuti a mahelikoputa a asilikali, madalawo anatchera khutu. Mwana wathu wamkazi ndi msilikali, amayendetsa helikoputa. Theka la penshoni linapita sabata yomweyo.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munasowa mtendere. Foni ikalira tonse tinkalimbirana, poyesa kuti ndi mwana, n'kupeza kuti ndi mlamu.

"Achimwene, masheya akweranso! Kumalire kuja kwavuta, maoda angoti mbwee!"

"Kumalireko n'kumene akufuna kutumiza mwana wanu, alamu," ndinamuyankha tsiku lina. Anakhosomola n'kudula foni.

Fakitale itaitana eni masheya kuti akaone ntchito, amuna anga anasita okha jekete, m'thumba n'kuponyamo kachitsulo kawo koyezera mabawuti. Ndinapita nawo kuti asakatichititse manyazi.

M'katimo munali phokoso loti munthu sungamve dzina lako. Anativeka zisoti zotifika m'maso n'kutiyendetsa pakati pa makina olavula mabawuti m'mathireyi. Bwana wamkulu, wa nsapato zonyezimira, anatiimika pathebulo loyezera.

"Kale tinkayeza bawuti lililonse," anatero monyadira. "Pano maoda achuluka, ndiye timayeza limodzi pa zana. Ntchito ikuthamanga, phindu lanu likukula."

Anthu anawomba m'manja. Mlamu mpaka anaimba likhweru.

"Pepani bwana," anatero amuna anga, "nanga otsalawo?"

"Makina athu salakwitsa, madala."

"Ine makina ndakalamba nawo. Amalakwitsa, makamaka Lachisanu masana."

Gulu lonse linafa ndi phwete. Iwo sanaseke. Anatulutsa kachitsulo kaja n'kuyamba kuyeza mabawuti a m'thireyi, limodzilimodzi, ngati mayi wosankha nyemba. Anali pa bawuti lachitatu pomwe mlonda anawagwira pamkono. Bwana uja anamwetulira, natola bawuti limodzi n'kuwaikira m'dzanja.

"Tengani, likhale chikumbutso."

Tinakwera basi kubwerera kunyumba. Amuna anga ankangolitembenuza bawutilo m'thumba. Titangotsegula chitseko, uthenga unalowa pafoni yanga: "Amayi, tikunyamuka mawa m'mawa. Musade nkhawa, muwauzenso adadi."

Ndinachita mantha mpaka ndinakhala pansi. Kenako mkwiyo unandigwira.

"Mawa lomwe mukagulitse masheyawo! Sindingadye ndalama zimenezo ine."

"Ndikagulitsa, mayi," anatero. "Koma ndikagulitsa, mabawutiwo atsikamo m'helikoputa muja?"

Anakankhira mbale pambali, nayala mpango pathebulo, n'kuvala magalasi. Anatulutsa bawuti lija, analiyeza m'litali, analiyeza m'mimba, anayendetsa chikhadabo m'mizere yake yonse, n'kubwerezanso. Foni yawo inkalira pampando, mlamu, koma sanaicheukire n'komwe.

"Lili bwanji?" ndinafunsa.

"Ili n'labwino. Lilibe vuto ngakhale pang'ono."

Anavula magalasi, maso ali ofiira.

"Ndiye ndi limene latsala kunyumba."