Tsiku Limene a Verlyn Anasowa Pokhotera

A Verlyn Haugen ndi munthu woti ukawauza kuti chinthu sichingatheke, basi wawapatsa ntchito. Akhala pabanja ndi a Arlys zaka makumi anayi, ndipo zaka zonsezo ulendo wa kunyanja unkayenda ndi galimoto ziwiri. Bambo ankatsogola ndi pikiapu, ikukoka kalavani yogonamo, ija mutu wake umakwera pamsana pa galimoto. Mayi ankatsatira ndi kagalimoto kawo, kakukoka boti. Chaka chino a Arlys anakana. Anati maso atopa, msana watopa, ndipo iwo atopa ndi kuyang'ana matako a kalavani maola atatu ngati ndi kanema. Bambo asankhe chimodzi, kalavani kapena boti, ndipo ngati ndi boti lotsala, lipite kwa achimwene a mayiwo, a Duwayne, amene akhala akulimezera malovu kuyambira kalekale.

Kusankha? A Verlyn? Iwo analowa m'shedi, nawotcherera chitsulo chokolera kumbuyo kwa kalavani, n'kukolapo kangolo ka boti. Chimene chinatuluka pamenepo chinali chotalika moti galu wa aneba anachiuwa kutsogolo, kenako anathamangira kumbuyo kukauwanso, akuyesa kuti kwabwera alendo awiri. Kuno ku Dakota, m'dziko la America, lamulo limalola zoterezi, bola usapyole muyeso, ndipo mkuluyu anayeza ndi tepi katatu. Chimene lamulo silinena, koma aliyense amachidziwa, n'chakuti chinthu chopindika malo awiri sichibwerera m'mbuyo. Ukangoyesa, kalavani imalowera kwake, boti kwake. Ukasowa potulukira umatsika, n'kumasula boti, n'kulikankhira pambali pamanja.

A Arlys zimenezi ankazidziwa. Anayenda kuchokera kumutu mpaka kumchira, manja ali m'chiuno.

"Chabwino, bambo," anatero. "Mukakafika kunyanja osamasula boti limeneli panjira, ndi lanu, sindidzalitchulanso. Koma mukangolimasula kamodzi kokha, achimwene adzalitenge."

A Verlyn anavomera mwachangu. Botilo ankalikonda, tisabisane. Chipumireni pantchito ku nkhokwe za tirigu, palibe amene amawafunsa maganizo pa kanthu kalikonse, ngakhale mtundu wa makatani. Koma m'boti muja iwo ndiwo amanena koti kupita ndi poti kuima. Akaganiza za a Duwayne atakhala pampando wawo, chimimba chili patsogolo, akugwira injini yawo ndi manja a mafuta a soseji, mutu unkawawawa.

Ananyamuka m'mawa dzuwa lili bwino. Ola loyamba zinayenda, kupatula pa kasitolo kaja amagulitsa mabanzi a shuga, pamene banjali limaima chaka chilichonse. Poimika galimoto pamenepo m'polowa chamutu, kutuluka chafutambuyo. A Verlyn anapadutsa maso ali patsogolo ngati sanapaonepo chibadwire. A Arlys anatembenuza khosi kutsatira kasitoloko mpaka kanabisika.

Vuto lina linali lakuti boti silinkaoneka. Ukayang'ana pagalasi la kumanja, kalavani. La kumanzere, kalavani. Boti likanatha kutsala pamlatho wa kwawo komwe, iwo n'kumayenda chonyadira akukoka mphepo. Ndiye mkuluyu anatulukira nzeru: pakapita mphindi zingapo ankagwedeza chiwongolero pang'ono, uku ndi uku, kuti mchira upatuke, aone kansonga ka boti pagalasi. Akakaona ankapumira m'mwamba. A Arlys, amene khofi anawatayikira pasiketi kawiri, anafunsa ngati bambo anayamba kumwa m'mawa masiku ano. Bambo anati uku ndiye kuyendetsa kwa akatswiri, mayi sangakumvetse.

Anali pakati pogwedeza chomwecho, maso ali pagalasi, pamene mayi ananena motsitsa mawu kuti pokhotera kumanzere paja apadutsa.

A Verlyn anati akudziwa. Anati achita dala. Bodza lake linali loonekeratu, koma mantha analibe, chifukwa misewu ya kuminda kuno inadulidwa ngati bokosi, mailo imodzi mbali iliyonse. Ukaphonya kumanzere, umakhotera kumanja katatu, n'kupezeka watulukira pomwe paja utaloza koyenera. Mwana aliyense wa mlimi amakula akudziwa zimenezi.

Anakhota koyamba, kulowa msewu wa miyala. Anakhota kachiwiri, pakati pa mpendadzuwa. Pokhota kachitatu panali chikwangwani, koma alenje anali atachiboola ndi zipolopolo moti sichinkawerengeka. A Arlys anati mwina aime, atsike, akachiyang'ane pafupi. A Verlyn anati chikanakhala chikwangwani chofunika anthu sakanachiwombera, ndipo anaponda mafuta.

Msewu unayamba kuchepa. Pakati panamera udzu. Ngalande za m'mbali zinadzaza madzi, mbali zonse ziwiri. Atakwera kamtunda n'kutsetsereka, msewu uja unangolowa m'madzi, phee, osatulukanso. Madzi a kuno akakwera amameza minda ndi misewu yomwe, ndipo sabweza. Mapolo a magetsi ankapitirira ulendo okha m'madzimo, ndipo pamene pakanakhala msewu pankayandama abakha.

Galimoto inaima. 

Kenako a Verlyn anakonza kukhosi, nanena kuti munthu akayang'ana bwinobwino, iyinso ndi nyanja. Madzi alipo, ambiri. Panganolo silinatchule dzina la nyanja. A Arlys anawaloza waya wa mpanda ndi denga la khola la munthu zikusuzumira m'madzimo, nawafunsa ngati akufuna kukawedza nkhuku. Anawakumbutsanso kuti ngakhale itakhala nyanja, boti lili kumchira, ndipo kuti lifike pamadzi pafunika pikiapu ndi kalavani ziyambe zamira.

Ndiye mkuluyu anachita chimene aliyense amadziwa kuti sichichitika. Anaika giya yobwerera m'mbuyo. Mapazi khumi oyamba zinaoneka ngati Mulungu wamva. Kenako pagalasi panatulukira boti lonse lathunthu, chopingasa, likuloza kungalande, koyamba kulionanso bwino chinyamukire kunyumba. Anapita patsogolo, nayesanso. Ulendo uno boti linatulukira galasi linalo, ndipo kumbuyo kunamveka kulira kwa chitsulo kosasangalatsa. Thukuta linali litanyowetsa kolala.

Foni ya mayi inalira. Anali a Duwayne, ali kale kunyanja, akufunsa ngati alamu awo akubwera ndi boti kapena boti likubwera ndi alamu awo. Kuseka kwawo kunkamveka mpaka pachiwongolero. A Verlyn anatseka maso kudikira kuti aperekedwe. Koma a Arlys anangoti aima pang'ono akuonera abakha, nadula foni, n'kutsegula bokosi la masangweji.

Panalibenso chochita. A Verlyn anatsika, nayamba ulendo wopita kumchira, ulendo wautali ndithu, wokwanira munthu kuganiza za moyo wake. Zachinyengo sanaziganizire, si munthu wotero. Amasule, akankhire boti pambali, abweze kalavani mpaka pamphambano, basi a Duwayne apambana. Anamasula maunyolo, nazula waya wa magetsi, natsegula loko. Kangoloko kanalibe jeke. Anaichotsa okha zaka zapitazo, ati jeke ndi ya anthu a m'tauni, mwamuna amanyamula ndi manja.

Anagwira chitsulo, nakoka. Sichinasunthe.

Analavulira m'manja, natambasula miyendo, nakokanso mpaka m'maso munachita nyenyezi. Chinadzuka pang'ono ngati chala chimodzi, n'kubwerera pomwepo. Kachitatu msana unalankhula, ndipo anachisiya. Anakhala pa kangoloko akupuma wefuwefu, akuyang'ana manja awo. Chilimwe chathachi chitsulo chomwechi ankachinyamula akucheza. Za a Duwayne anaziiwala. Chimene chinawagwira tsopano chinali mantha enieni, ndi chisoni, poona kuti boti silikuchoka chifukwa cha pangano kapena chikwangwani, koma chifukwa mwini wake wakalamba, ndipo aliyense anaziona kale kupatula iye.

Anakhala pamenepo nthawi ndithu, abakha akulira. Kenako anaitana.

"Mayi, tabwerani mundithandize. Ndalephera."

Mawu amenewo a Arlys anali asanawamvepo pa zaka makumi anayi. Anatsika, nayenda mtunda wonse uja, sangweji ili m'manja. Anapeza amuna awo atakhala chowerama, chipewa chili pabondo, maunyolo ali pansi.

"Tikamaliza muwaimbire achimwene anu," a Verlyn anatero, osadzutsa mutu. "Pangano ndi pangano. Muwauze kuti injini imafuna kuipembedza kukazizira, asamaikalipire."

A Arlys anawayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana boti lija, limene analida chiligulireni, lonunkha nyambo, lodya malo m'shedi. Anayang'ananso amuna awo aja. Ndiye anaika sangweji pa tayala, navula magalasi awo a maso, nawapinda bwinobwino, n'kuwalowetsa m'thumba la juzi.

"Ine popanda magalasi sindisiyanitsa boti ndi ng'ombe," anatero. "Sindikudziwa chimene mukumasula kuno. Ndionetseni pogwira."

A Verlyn anadzuka pa kangolo paja. Anatenga manja a akazi awo, nawaika pachitsulo pafupi ndi awo. Anawerenga mpaka katatu, ndipo chinadzuka.

Anaima chomwecho awiriwo pakati pa msewu, atanyamula, bambo misozi ili m'maso ndipo alibe dzanja loipukutira.

"Fulumirani bambo, ikulemera," anatero a Arlys. "Ng'ombe yanuyi tiikankhire kuti?"