Foni za Bambo Saini

Bambo Saini anabweretsa mwana wawo Mitali kunyumba yanga yogonera atsikana kuno ku Kota, mzinda wodzaza ndi sukulu zokonzekeretsa ana mayeso, mwezi wa Epulo, dzuwa likuswa mtengo. Mtsikanayo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anadzakonzekera mayeso olowera sukulu ya udokotala, monga ena onse amene ndimasunga. Bambowo sanafunse za chakudya kapena za madzi. Anangofunsa ngati magetsi amazima usiku.

"Uyu amagona maola anayi basi," anatero akusisita mimba. "Ndinamuzoloweza ndekha."

Ndinawayang'ana. Masaya osalala, maso oyera mbee. Anthu otere ndimawadziwa. Amapha tulo masana onse m'sitolo yawo ya nsalu, akadzuka n'kumalalikira za khama.

Pakati pa usiku foni inkalira: "Ukuwerenga?" Folo koloko m'mawa inkaliranso: "Wadzuka?" Ndinadzamva kuti ya m'mawayo ankaimba ndi amayi ake, mwini lamuloyo akuliza mkonono pambali.

Pofika Ogasiti, Mitali ankasinza patebulo, chapati chili m'manja, mphodza zikuzizira m'mbale. Ndinamuuza kuti akagone.

"Anti, pabedi tulo sitibwera," anandiyankha. "Ndikangotseka maso mtima umayamba kuthamanga, ndimangomva ngati foni ikulira."

Kusukulu kwawo nako anaona kuti ana akugwera pamadesiki, ndiye anaitana katswiri wa za tulo. Phunziro lakelo analiika sikisi koloko m'mawa kuti lisadye nthawi ya maphunziro enieni. Katswiriyo anawauza kuti azigona maola asanu ndi atatu. Atangotuluka, mphunzitsi anawapatsa mafunso mazana awiri oti abwere nawo mawa lake.

Tsiku lina Mitali akutsika masitepe anaphonya phazi, n'kugwa, n'kung'ambika pamwamba pa diso. Ndinathamangira naye kwa Dokotala Bohra, mayi wachichepere wa mumsewu mwathu, amene anamusoka. Bambo Saini anafika ndi sitima ya mawa lake, ndipo tinapita nawo limodzi kwa dokotalayo.

"Adokotala, tisachedwetsane," anatero asanakhale n'komwe. "Mungomupatsa mankhwala oti asamasinze."

"Inuyo mumagona maola angati, bambo?"

"Zanga n'zina. Ine ndimagwira ntchito."

"Mwanayu alibe matenda ena. Chamugwetsa ndi tulo. Musiyeni azigona, apo ayi tsiku lina adzagwa pakati pa msewu."

Titatuluka Bambo Saini anatsonya. "Kamtsikana aka kangadziwe chiyani? Mwana wa anansi athu a Bhargava amagona maola atatu, sanagwepo!"

Ndiye ndinaika lamulo langa. Kuyambira teni koloko usiku mpaka sikisi m'mawa, mafoni onse ankagona m'kabati yanga. Bambo Saini anandiimbira akukalipa, ati amuchotsa mwanayo.

"Mudzamutenge," ndinatero. "Katundu ndidzakunyamulirani mpaka pageti."

Sanabwere. Pakati pa chaka nyumba zonse zogonera zimakhala zodzaza, ndipo iwo ankadziwa.

Tulo ta Mitali sitinabwerere msanga. Kwa milungu itatu ankadzidzimukabe folo koloko, n'kubwera kukhitchini kudzakhala pambali panga ndikukanda ufa. Ndinamuletsa tiyi wa madzulo, ndinachotsa mabuku pabedi pake. Kenako Lamlungu lina sanatuluke. Ndinasuzumira kanayi konse kuti ndione ngati akupuma. Anadzuka masana, nkhope ili ndi mizere ya pilo, n'kudya chapati zisanu.

Mayeso analemba mwezi wa Meyi. Malikisi ake sanafike pofunika. Mwa atsikana anga makumi awiri analowa sukulu ya udokotala awiri okha, ndipo chaka chilichonse zimakhala choncho, ogona ndi osagona omwe. Koma Bambo Saini atabwera ndi fomu yolembetsera chaka china, wolakwa anali atamupeza kale.

"Mwaona, mayi? Mwandigonetsera mwana. Chaka chino ndikamuika kwa anthu odziwa ntchito."

Mitali anali atabwera nawo kudzatenga mabuku ake otsala. Anaika chikwama pansi.

"Ababa, chaka china sindibweranso."

"Ukuti chiyani?"

"Ndalembetsa ku koleji ya kwathu. Amayi asaina kale."

Bambowo anayang'ana ine ngati ndine ndinagwira cholembera. Anayamba kutchula ana a anansi awo mmodzimmodzi, amene ali dokotala, amene akupita kunja. Mitali anaweramira pansi n'kundigwira mapazi monga mwa mwambo wathu potsazika, ananyamula chikwama chake yekha n'kutuluka pageti. Bambo ake analankhulabe kwa kanthawi, kenako anaona kuti watsala ndi mphaka wanga yekha, chifukwa ine ndinali nditalowa kukaona mpunga. Ndili pazenera ndinawaona akupinda fomu ija n'kutsatira mwana wawo.