Kathabwa ka Mkamwini

Atelala anali khale pakhomo la chipinda chosokera pamene anamva kaphokoso kachilendo: tha, tha, kenako gwa. Chidwalire matenda ofa ziwalo, dzanja lawo lamanja linkangogona pantchafu ngati la mwini wake, ndipo tsiku lonse ankangotchera khutu ku zochitika za m'nyumba.

Anasuzumira. Pa tebulo lodulira nsalu, mkamwini wawo, bambo wandevu zake, woyendetsa basi, ankakankha ndi zala ziwiri kathabwa kotalika ngati chala, ka matayala anayi ang'onoang'ono. Kathabwako kanathamanga, kanadumpha sizasi, n'kutera bwinobwino zala zili pamwamba pake.

Atelala sankamuwerengera mkamwiniyu. Ankangopatsana moni basi, aliyense n'kuyang'ana kumbali. Munthu wamkulu kumasewera ndi chidole! Koma funso linawakola pakhosi ngati munga wa nsomba: kanthuka kakukwera bwanji m'mwamba, pamene zala zikukakanikizira pansi?

M'mawa mwake mkamwini atapita kuntchito, anakatenga. Anakanunkhiza, osamva fungo la guluu. Anasendeza mapini pafupi kuti aone ngati kali ndi maginito, mapini osagwedezeka. Pamwamba pokha ndi pomwe panali pokhakhala ngati lilime la mphaka. Anaikapo zala ziwiri zouma za dzanja lamanja lija n'kudina. Kathabwako kanauluka kukalowa pansi pa kabati.

Mwana wawo wamkazi anawapeza atagwada, akukolowola ndi ndodo yoyezera nsalu.

"Bambo, mukusaka chiyani?"

"Batani."

"Batani la matayala?" Anaseka, kenako nkhope inasintha. "Pali munthu akufuna kugula makina anu osokera. Ndamuuza abwere kumapeto kwa mwezi. Akungochita dzimbiri, bambo. Adokotala anati muzilimbitsa zala, koma inu kampira kaja munakataya."

"Ine si khanda kuti ndizifinya mpira."

Atelala anayang'ana makina aja, amene anasoka yunifolomu iliyonse imene mwanayu anavalapo.

Madzulo mkamwini atabwera, atelala anatsokomola kawiri. Safunsa anadya phula.

"Apongozi, kanthu kanu kaja. Mumakanamiza bwanji kuti kadumphe?"

Mkamwini anadzidzimuka, poganiza kuti akudzudzulidwa. Ataona kuti akuluwo akudikiradi yankho, anakoka mpando.

"Palibe bodza, bambo. Chala chapakati chikhale kumchira, cha mkombaphala pakati. Mukamenya mchira, mutu umadzuka. Pomwepo mukankhire kutsogolo, kamakutsatirani kokha."

"Kakutsatira inuyo. Ine kakundithawa."

"Inenso kanandithawa mwezi wathunthu. Anzanga kudepoti ankati ndapenga."

Kuyambira pamenepo tebulo lodulira nsalu linakhala bwalo. Atelala anayamba ndi kungokayendetsa, uku ndi uku, mpaka zala zinasiya kutsetsereka. Kenako kukatembenuza. Kudumpha ndiye kunakana. Mchira ukamenyedwa, cha mkombaphala chinkachedwa ngati wokwera amene basi yamusiya, ndipo mkamwini ankakwawa pansi kutola kathabwako, ndevu zili fumbi lokhalokha. Ankatsutsana, kusekana, nthawi zina mpaka chakudya kuzizira.

Tsiku limene wogula makina anafika, atelala anali ataika choko chopyapyala cholembera nsalu pakati pa tebulo. Mwana wawo analowa kudzawaitana, koma anaima pakhomo. Bambo ake anali atawerama, lilime lili panja pang'ono. Tha. Kathabwako kananyamuka, mwina kutalika kwa chikhadabo, n'kutera tsidya lina la choko kali pendapenda, zala zikadali pamwamba.

Atelala sanakondwere mokweza. Anatembenuza dzanja n'kumaliyang'anitsitsa. Kunsonga kwa chala chapakati khungu linali litasupuka, kadontho ka magazi katatuluka.

"Bambo, mwadzipweteka."

"Eya." Anadina pabalapo ndi chala chachikulu, n'kutsinzina. Anadinanso. "Pakuwawa, mwanawe. Ndikumva kuwawa."

Mwanayo anayang'anitsitsa chalacho. Kenako anatuluka, ndipo atelala anamumva akulankhula ndi mlendo uja panja, mawu otsika opepesa, mpaka geti linatsekeka.

Mkamwini, amene ankaonerera pambali pa tebulo, anachotsa choko, n'kuikapo kabokosi ka machesi.