Kiyi Wofiira

Nsanje ya Lameck inayamba ndi kiyi, kakiyi kofiira koti mwana atha kukameza. Anali kiyi wa chipinda cha njoka zaululu pamalo ena osungirako nyama ku Dubai, chinyumba chagalasi chimene anadzalamo nkhalango yochita kupanga, mvula yake yotuluka m'mapaipi pa ola loikika. Lameck anagwirapo ntchito zaka zisanu ndi zitatu, kupukuta magalasi, kusungunula makoswe a mufiriji ndi kutola mafunduso a njoka. Mfilipino amene ankasunga kiyiyo atabwerera kwawo, aliyense ankadziwa kuti agwera Lameck. Lameckyo anali atagula kale kachingwe kokolekera m'khosi pa shopu ina ku Al Rigga.

Madam Miriam, mkulu wa gawo la njoka, anapereka kiyiyo kwa Rodgers.

Rodgers wake uti? Yemwe uja wa ku Chipata, amene Lameck anakamuchingamira yekha ku eyapoti, n'kumupezera pogona m'chipinda chawo ku Al Nahda, n'kumuphunzitsa kagwiridwe ka ndodo yangowe yonyamulira njoka. Rodgers anali ndi satifiketi ya za nyama zakutchire ndi Chingelezi choterera chimene alendo ankachikonda. Lameck anali ndi Fomu 2 ya ku Ngabu ndi maso ake basi. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, bedi lawo linali losanjikiza ndipo Rodgers ankagona pamwamba. Lameck akadzuka m'mawa, choyamba kuona chinali kiyi wofiira akulendewera pa msomali, chapafupi ndi mphuno yake. Mtima unkamupweteka tsiku lisanayambe n'komwe.

Lamulo la chipinda cha kiyi wofiirayo linali lakuti munthu salowamo yekha. Wa kiyi amatsegula khola, mnzake amaima kumbuyo chimanjamanja, ntchito yake kuyang'ana basi. Akuluakulu amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, koma m'chipinda chimenecho amakusungira mnzako ndithu. Ndiye Lameck, katswiri wa zaka zisanu ndi zitatu, anakhala woyang'ana nkhongo ya Rodgers.

Mfumukazi ya chipindacho inali njoka ya ku nkhalango za ku South America. Pachikwangwani analemba kuti lancehead, chifukwa mutu wake uli ngati nsonga ya mkondo, koma Lameck anaitcha Namkondo. Khungu lake linali la masamba ouma enieni, yoti ikadzipinda pansi umaifuna ili pamaso pako. Pakati pa diso ndi mphuno inali ndi timaenje timene imamvera kutentha kwa thupi la nyama, n'chifukwa chake khoswe ankayamba amuviika m'madzi ofunda asanaipatse. Ululu wake umawoletsa mnofu munthu akuona. Inabwera yokha kuchokera kumalo ena osungira njoka, ndipo inkakhala yokha.

Patapita miyezi ingapo, Namkondo anasiya kudya.

Rodgers anayesa zonse. Anafunditsa khoswe kwambiri, anamugwedeza ndi mbano, anasintha n'kuika kamwanapiye, anawonjezera mvula. Namkondo ankangotulutsa lilime kawiri n'kubwerera pansi pa babu lake lotenthetsa. Madam Miriam anayamba kulankhula mawu afupiafupi. Tsiku lina ananena poyera kuti mwezi ukatha njokayo isanadye, aonanso bwino nkhani ya kiyi.

Lameck anali atadziwa kale. Munthu wokulira m'minda ya thonje ku Ngabu sangasokonezeke ndi njoka yonenepa chakumchira, yokana chakudya, yongokhalira kuwotha. Anaziona pa mphiri kangapo konse, ndipo mphiri siikira mazira, imabereka ana amoyo. Namkondo sankadwala ayi. Anali ndi pakati, mimba yobwera nayo kuchokera kumene anamutengako. Ophunzira onsewo sanaganizeko, poti m'khola munalibe yamphongo.

Mawu atatu akanatha nkhaniyo. Lameck anawameza, ndipo kunena zoona ankakoma ngati shuga.

Madzulo ena basi ya kampani inaima chiimire pa mzere wa magalimoto olowera ku Al Nahda. Rodgers, amene masiku amenewo ankangokhala ndwii, anatembenuka.

"Ba Lameck, imwe mwankhala na njoka zaka zambiri. Nichani chamene nilakwisa? Niuzeniko, mudala, ningaluze key."

"Ine?" anatero Lameck akuyang'ana pawindo. "Ine ndi wa mopu, mphwanga. Funsa certificate yako."

"Ah, ba Lameck, musachite so."

"Idya, inshallah."

Sikuti ankamufunira imfa, ayi. Ankangofuna mwezi uthe, kiyi abwerere kumene anayenera kupita poyamba, kenako iye adzanene ngati wangotulukira kumene. Komabe ankadziwa kuti mwana wa njoka ndi njoka. Masiku angapo za m'basizo zisanachitike, Rodgers ali ku nkhomaliro, Lameck anali atatenga kaneti kosefera ufa ndi tepi n'kumata timabowo tonse tampweya kuseri kwa khola la Namkondo, timene kanjoka kakang'ono kakanatulukirapo. Anayambanso kuvala majombo aatali m'chipindamo, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. Miyendo yake anaiganizira bwino lomwe. Dzanja la Rodgers ankati aliganizira mawa.

Mawa limenelo linamupeza Lachinayi m'mawa, tsiku lotsuka khola. Rodgers anakola Namkondo ndi ndodo yangowe, n'kumutsitsira m'bokosi, n'kutseka. Njokayo inali yofota, khungu la m'mimba litachita makwinya ngati sokosi yakale.

"Onani mwamene yayondera," anatero Rodgers ndi mawu olira. "Khalas, basi, yafa iyi. Nasila ine, zanga zatha."

Lameck anayang'anitsitsa makwinyawo. Njoka siyonda chotero usiku umodzi. Anayang'ana m'khola. Munali masamba ouma, chipika, mbale ya madzi. Rodgers anali atavula kale magolovesi, poti mwini khola anali m'bokosi, ndipo anawerama kuti atenge mbaleyo. Pambali pa mbale, pakati pa masamba, kanthu kachikasu konga mphutsi kankagwedezeka pang'onopang'ono. Kanali kamchira. Ana a njoka zimenezi amanyengera achule ndi kamchira kotero.

Apa m'pamene Lameck sadzadzikhululukira mpaka kumanda. Anakaona kamchirako, pakamwa pake n'kukhala chitsekere kwa kamphindi, kamphindi koti munthu n'kuphethira kamodzi. Nsanje inali itazolowera kumugwira lilime moti inamugwiranso pamenepo.

Kenako anam'gwira Rodgers pa kolala n'kumukoka ndi mphamvu zonse. Onse awiri anagwera pa khoma. Kanjoka kotalika ngati pensulo kanajompha pamene panali chala, n'kumenya mbale kuti ngwe. Masamba onse a m'kholamo anayamba kuyenda.

Anatola ana makumi awiri ndi asanu ndi awiri tsiku limenelo, aliyense m'kabokosi kake. Madam Miriam anabwera akuthamanga, nkhope ili mbuu. Anafunsa amene analowetsa dzanja losavala m'khola osatembenuza kaye masamba ndi ndodo, ndiponso amene anaona kamchira. Atamva, anatambasula dzanja. Rodgers anavula kiyi m'khosi osatsutsa, ndipo Madam anamuika m'manja mwa Lameck. Anati maso ngati amenewo ndi amene chipindachi chimafuna.

Rodgers anamukumbatira.

"Mwanipulumusa, mudala. Key ni yanu, inali yanu kuchokera kudala. Nizauza amai ku Chipata bakupemphelereni."

Lameck anayembekeza kuti amva kukoma. Anamva manyazi okhaokha, ndipo kiyiyo ankamuwotcha m'manja.

Chinatsala n'kuonetsetsa kuti palibe kamwana kamene kanathawa. Anakoka khola kulichotsa kukhoma kuti aone timabowo tampweya. Madam ataona kaneti anaomba m'manja, akuti unali mwayi waukulu kuti wina anatseka, n'kutuluka kukaimba foni. Rodgers anatsala atagwada kuseri kwa kholalo. Anapititsa chala pa tepi, chalacho n'kubwera ndi fumbi. Anayang'ana kanetiko nthawi yaitali. Kenako maso ake anatsikira pa majombo a Lameck.

"Ba Lameck," anatero motsitsa mawu, "aka ka net munaika liti?"

Lameck anafuna bodza, koma mabodza onse anali atamuthawa.

"Patha masabata atatu."

"Three weeks." Rodgers anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Pamene n'nakufunsani mu bus paja, munali mwaika kudala?"

"Ndinali nditaika."

Rodgers sanakalipe, ndipo kwa Madam sanakanene kanthu. Bola akanamutukwana, Lameck akanapezapo poyankhira. Anangoimirira, n'kupukuta fumbi lija pa buluku lake, n'kukankhira khola pamalo pake. Pa basi anakhala mpando wina. Atafika ku Al Nahda anazula msomali uja pa bedi lake n'kuuika pa pilo wa Lameck.

M'mawa mwake inali nthawi yoyesa Namkondo chakudya, ndiponso yosintha madzi m'timabokosi makumi awiri ndi tisanu ndi tiwiri, kamodzikamodzi. Lameck anatsegula chipinda ndi kiyi wake, wolendewera pa kachingwe ka ku Al Rigga kaja. Lamulo linali lomwe lija, munthu salowamo yekha, ndipo pa ndandanda ya ntchito Madam anali atalemba dzina la woyang'ana watsopano.

Rodgers anatseka chitseko n'kuima kumbuyo kwake chimanjamanja.

"Yalla, tiyeni, ba Lameck, segulani," anatero ndi ulemu wonse. "Musayope. Nizamuyang'anirani monga mwamene munali kuniyang'anira imwe."

Lameck anatenga kabokosi koyamba. Mkatimo kamchira kachikasu kankagwedezeka pansi pa tsamba. Zaka zisanu ndi zitatu anali asanaopepo njoka, koma tsikulo chivindikiro chinamukanika kawiri. Anamvetsera kumbuyo kwake kuti amve ngati mnzake akupuma, ngati wasuntha, ngati akuyang'anadi. Sanamve kalikonse, ndipo timabokosi tinali titatsala makumi awiri ndi tisanu ndi kamodzi.